Funsani Amalume: Dashboard ikuti zonse zili bho, koma tabuleti inabedwa kale

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, mapulogalamu aja amene makampani amagula kuti wa IT aziyang'anira mafoni, matabuleti ndi malaputopu onse ali khale pampando wake. Eni ntchitoyo amangoti MDM. Kwa inu amene simukuzidziwa, ndi zinthu ngati Intune ya Microsoft, Jamf imene inatchuka ndi zipangizo za Apple, Workspace ONE, ManageEngine, Knox ya Samsung ndi zina zambirimbiri. Wogulitsa akamafotokoza zimakoma ngati uchi, akuti ukadina apa apu yalowa mmafoni onse, foni ikabedwa udina apo yafufutika. Nde tamvani za amene anagula kale. Mayina a anthu ndi a malo antchito ndachotsa ngati kale, chifukwa ena mwalemba zoti abwana ataziona mawa lomwe mukagulitsa mandasi kkkk.

FUNSO: Amalume, ine ndi wa IT pa bungwe lina kuno ku Lilongwe. Tili ndi matabuleti ambiri amene anyamata ndi atsikana athu amatolera nawo data kumidzi, Nsanje, Mangochi mpaka Chitipa uko. Pa dashboard zonse zimaoneka green, ine lipoti kwa abwana mwezi ndi mwezi kuti zili bwino. Sabata yatha ndinapita ndekha ku field, ndakapeza ena sanalandire apudeti chiyambire chaka chatha, ina inabedwa masabata atatu apitawo koma mwini wake anangokhala duu kuopa kudulidwa salale. Ndadina wipe, mpaka lero ikungoti pending. Ndiye ndalama timalipira zija ndi za chani? Wokhumudwa, Area 47

YANKHO: Achimwene pepani, koma ndikuuzeni chimene wogulitsa uja anachilumpha. Dashboard ija siiona tabuleti. Imangobwereza zimene tabuleti inanena tsiku lomaliza limene inapeza netiweki. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, nde inuyo chaka chonsechi malipoti anu mwakhala mukulemba kuchokera kwa kandimverere.

Zimayenda chonchi. Inu mukadina wipe, lamulolo silipita ku Nsanje ayi, limakakhala pa seva ya eni pulogalamu, seva ija nkupempha Google, kapena Apple ngati ndi iPad, kuti akagogode pa tabuletipo kuti ukufunika kuno, tabuleti ikamva kugogodako ndi pamene imabwera yokha kudzatenga lamulo. Tsono ikakhala yozima, kaya bando yatha, kaya ili kuseri kwa phiri ku Misuku komwe ngakhale meseji imadikira ukwere pachulu, palibe chikuchitika. Ndipo wakuba aliyense wa nzeru zake chinthu choyamba kuchotsa ndi SIM. Pending mukuionayo ikhoza kukhala pending mpaka inu kupuma pantchito.

Chimene chikuteteza data ya anthu akumudzi ili mu tabuleti yobedwayo si batani la wipe, ndi zimene munaika isanabedwe. Ngati inali ndi PIN yabwino ndipo ndi ya encryption, kutanthauza kuti data yake siiwerengeka popanda PIN ija, wakuba angoifulasha nkukaigulitsa, mwataya tabuleti koma mayina a anthu sanapite kwina. Ngati PIN yake inali 1234 chifukwa a ku field anadandaula kuti yaitali ikuvuta, apo ndiye kagoneni ndi nkhawa.

Za green zija, zimene dashboard imalemba kuti compliant. Liwu loti compliant silitanthauza kuti chipangizo chili bwino, limatanthauza kuti chakhoza mayeso amene inu eni ake munapereka. Ngati pa malamulo anu simunalembe kuti Android yake isachepere version yakuti kapena security patch isakalambe kupyola mwezi wakuti, tabuleti ya apudeti ya chaka chatha izikhozabe basi, ngati mwana amene mayeso ake ndi kulemba dzina lokha. Simunandiuze kuti mukugwiritsa pulogalamu iti, koma nditenge Intune poti ndi imene ambiri ali nayo. Mmene imabwerera kuchokera kwa eni ake, chipangizo chimene sichinapatsidwe lamulo lina lililonse imachiwerenga kuti ndi compliant, mpaka inu mutakasintha pa ma setting. Komanso chipangizo chikasowa, imadikira masiku 30 isanayambe kuchikayikira. Ndipo ngakhale chili pa intaneti bwinobwino, kubwera kwake kodzapereka moni ndi pafupifupi maola 8 aliwonse. Zonsezi Microsoft inalemba poyera, kungoti palibe amene amawerenga.

Nde siyani kuyang'ana mtundu, yang'anani deti. Pali column ina imati last check-in kapena last seen, sanjani zipangizo zanu ndi imeneyo Lolemba lililonse mmawa, iliyonse imene yatha sabata osaoneka imbirani mwini wake foni. Masiku 30 aja achepetseni. Pa lipoti la abwana muzilemba kuti mwa matabuleti onse, amene alankhula sabata ino ndi angati, nambala imeneyo idzakhala yonyansa koma ndi yoona.

Nkhani ya apudeti ndiye ndi ya mthumba. Amene anapanga mapulogalamuwa ankaganiza za munthu wa mu ofesi ya ku Seattle, Wi-Fi yosatha, magetsi osazima. Mnyamata wanu mwamupatsa bando ya mwezi, akaona kuti apudeti ikufuna kudya giga yonse amazimitsa data, ndipo ine sindimuda. Mafoni ena otchipa nawo ali ndi khalidwe lopha ma apu ogwira ntchito mseri pofuna kusunga batire, ka apu ka MDM nako kamafera momwemo. Konzani kuti tsiku limene amabwera pa boma kudzatenga ma allowance, matabuleti onse azikhala pa Wi-Fi ndi pa tchaja mpaka atamaliza, asanasayine. Muona mmene anthu amasungira nthawi pakakhala envelopu.

Komanso kalankhuleni ndi a HR. Lamulo lodula salale munthu akataya tabuleti ndi limene linakubisirani nkhani masabata atatu. Tsiku loyamba lija mwina tabuleti inali ikanali pa netiweki.

FUNSO: Amalume moni. Kuntchito kwathu akuti aliyense aike ka apu kena pafoni yake kuti tizitha kuwerenga imelo ya kuntchito, ukakana akutsekera. Foni ndi yanga ndinagula ndekha ndi ndalama za banki mkhonde. Kodi mnyamata wa IT uja aziona ma WhatsApp anga ndi zithunzi? Anzanga akuti akhozanso kufufuta chilichonse. Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, funso lanu ndi labwino ndipo anzanuwo sakunama kwenikweni, kungoti zimatengera kuti akuikani mwa njira iti.

Ngati ndi Android ndipo akugwiritsa chimene amati work profile, foni yanu imagawidwa zipinda ziwiri. Ma apu a kuntchito amakhala ndi kachizindikiro ka kachikwama pakona, chipinda chimenecho ndi chawo, akhoza kuikamo, kuchotsamo, kuchigwetsa chonse tsiku limene mwasiya ntchito. Chipinda chinacho ndi chanu. WhatsApp yanu, zithunzi za chinkhoswe, mameseji, amene mwaimbirana nawo, zonsezo saziona. Amaona mtundu wa foni, version ya Android, ndi zoti muli ndi loko kapena ayi, ndipo akhoza kukukakamizani kuika PIN. Pa iPhone pali njira yofanana nayo imene Apple inabweretsa mu 2019 ndi iOS 13, amati User Enrollment, nayonso wa IT sangafufute foni yonse.

Vuto ndi loti njira zakale zikanalipo ndipo a IT ena aulesi amadutsa momwemo. Pa iPhone akakulembetsani ngati kuti foni ndi ya kampani, batani lofufuta foni yonse limakhala lamoyo. Pa Android panali njira yakale yotchedwa device administrator imene imapatsanso mphamvu yomweyo, Google inayamba kuitaya cha pa Android 10. Nde pa sikirini ya wa IT pamakhala mabatani awiri oyandikana, lina lochotsa za kampani zokha lina lofufuta zonse, munthu watopa Lachisanu madzulo, mwaona kale mmene zingathere. Choncho musanadine accept werengani zimene foni ikukuuzani, imanena yokha ngati mukupereka mphamvu yofufuta data yonse. Ikatero imani kaye, kafunseni, ndipo akuyankheni pa imelo osati pakhonde.

Afunseninso ngati sangangoteteza apu ya imelo yokhayo osagwira foni yonse. Njira imeneyo ilipo, amati app protection, Outlook imafunsa PIN yakeyake ndipo mukachoka amangofufuta za mu apu momwemo. Kwa munthu amene akungofuna kuwerenga imelo imeneyi ndi yokwana. Kuno tilinso ndi Data Protection Act ya 2024 imene ikuyang'aniridwa ndi MACRA, nde kufunsa kuti mukutenga chani pafoni panga ndipo mukuchitengeranji si mwano.

Kena kamene a IT ambiri amakazindikira mochedwa, si foni iliyonse imalola zimenezi. Ma Huawei amene anatuluka America itawaletsa mu 2019 alibe za Google, work profile ya masiku onse siyenda. Timafoni tambiri ta Android Go natonso sitilola. Ndipo ngati foni yanu ndi ya 32GB yodzadza kale ndi mavidiyo a gulu la kwaya, ma apu akuntchito akabwera kawirikawiri izingoti storage full. Maganizo anga ine, kampani ikafuna kulamula foni igule yake. Koma poti ine si amene ndimakulipirani, sungani kaye zithunzi zanu kwina musanaike kalikonse.

FUNSO: Akulu, abwana anagula malaputopu khumi a kaunjika kwa mkulu wina amene amaoda kunja, otchipa heavy. Atatu ndikangowafomata nkulumikiza intaneti akubweretsa logo ya kampani ina yachizungu nkumafuna imelo ya kumeneko. MacBook imodzi ikuti Remote Management. Enawo akukana kulowa mu system yathu. Pali ka trick? Mfana wa IT, Limbe

YANKHO: Mfana wanga, ka trick ine sindikupatsa, ndipo amene akulonjeza kumsika kuti aichotsa akungokudyera ndalama, mawa ukaifomatanso ibweranso.

Chikuchitika ndi ichi. Makampani akuluakulu akagula laputopu amailembetsa ku Windows Autopilot, chizindikiro cha hardware yake chimasungidwa ku Microsoft pansi pa dzina la kampaniyo. Za Apple ndi chimodzimodzi, serial number imakhala mu Apple Business Manager. Loko yake siili mu hard drive imene ukufomatayo, ili ku seva. Laputopu ikangodzuka nkuona intaneti imafunsa kuti kodi ine ndi wa ndani, nkuuzidwa kuti ndiwe wa kampani yakuti ku Manchester. Kawirikawiri amene angaimasule ndi kampani yakaleyo. Pena amakhala anagulitsa mwachilungamo nkuiwala kuichotsa pa mndandanda, pena ndi yobedwa. Ibwezeni kwa anakugulitsaniyo, ndipo ulendo wina muziyesa pompo, reset, Wi-Fi, muone sikirini yoyamba musanapereke ndalama.

Apa ndi pamene pamandinyansa ine ndi mapulogalamu amenewa. Ukoma wonse umene amaonetsa pa demo, woti laputopu ichoke mu katoni ipite kwa mwini wake izikonza yokha wa IT osaigwira, umafuna kuti ugule kwa ma reseller ovomerezeka amene amakulembetsera chipangizocho. Zero-touch ya Android ndi choncho, ya Apple ndi choncho. Ife timagula kwa amwenye mtauni, kwa mlamu wobwera ku Joni, kwa mkulu wa ku Dubai, nde chilichonse umachigwira ndi manja chimodzichimodzi. Za Apple ukhoza kuzilowetsa wekha ndi Apple Configurator, koma kwa masiku 30 oyamba wogwiritsayo ali ndi ufulu wozichotsamo, nde uzisunge kaye mu kabati kapena uziyang'anira.

Asanu ndi mmodzi otsalawo kaone zinthu ziwiri. Ngati ali ndi Windows Home, sangajoine Entra ID, system ya Microsoft ya ma akaunti a kuntchito, ndipo Autopilot siigwira pamenepo, pafunika laisensi ya Pro, ndalama zina zimenezo. Kenako kaone zaka. Windows 10 Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025, Windows 11 imafuna kachipu ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi processor yosakalamba kwambiri, ma Intel akale kuposa 8th generation ambiri sali pa mndandanda. Ukawerengera zonsezi uwauze abwana mtengo weniweni wa kutchipa kuja, koma uwauze mwaulemu, akadya kale nkhomaliro.

FUNSO: Amalume thandizeni. Wa IT wathu wakale anachoka mokangana ndi mabwana. Patha miyezi ingapo, lero ma iPad onse asiya kumvera, sindingathe kuika apu kapena kuchotsa loko. Pali uthenga wa certificate expired. Wolowa mmalo, Mzuzu

YANKHO: Achimwene kapena achemwali, musadine chilichonse cholembedwa create new, ndapota nanu.

Kuti MDM iliyonse ilankhule ndi zipangizo za Apple pamafunika push certificate yochokera ku Apple, ndipo imakhala chaka chimodzi chokha. Chaka chikatha umayenera kuikonzanso ndi Apple ID yomweyomweyo imene inaipanga. Ukapanga yatsopano ndi Apple ID ina, ma iPad akale saizindikira, uyenera kuwatolera onse nkuwalembetsanso kuyambira pachiyambi, amene ali ku Karonga abwere, amene ali ku Nkhata Bay abwere. Nde ndikhoza kubetcha kuti mnzanu uja anaipanga ndi imelo yakeyake, machenjezo onse oti ikutha akhala akupita kwa iyeyo, iye nkumangowayang'ana akumwa tiyi.

Njira yachidule ndi kudzichepetsa. Wina amene sanakangane naye amuimbire, akambirane, akonzenso certificate yomweyo msanga. Zikakanika, lankhulani ndi a Apple amene amathandiza makampani pa za deployment musanagwetse kalikonse, mukhale ndi zikalata zosonyeza kuti kampani ndi yanu. Mukatuluka mmadzimo kaoneninso mbali ya Android, chifukwa Managed Google Play nayo anthu ambiri anailumikiza ndi Gmail ya munthu mmodzi. Ma token a Apple Business Manager nawonso amatha chaka ndi chaka. Zonsezi zikhale pa imelo ya ofesi imene anthu awiri atatu amaiona, madeti ake alembedwe pa kalendala ya pakhoma penipeni. Pulogalamu ya madola ambirimbiri koma moyo wake wonse unali mu inbox ya munthu wokwiya, ndipo si inu oyamba.

FUNSO: Bambo Amalume, ine si wa makompyuta, ndimaona za chuma pa kampani ina. Abwera anyamata a masuti akuti tikagula pulogalamu yawo zipangizo zathu zonse zikhala zotetezeka 100%, palibenso za ma hacker. Mtengo ndi wa madola, pamutu pamutu mwezi uliwonse. Wa IT wathu akuifuna kwambiri. Ndisayine? Akauntanti, Blantyre

YANKHO: Bwana akauntanti, munthu akakuuzani 100% pa nkhani ya makompyuta mupatseni fanta azipita. Sindikuti musagule, kampani ya zipangizo zambiri popanda chida chotere wa IT wanu afa ndi mtima. Koma dziwani chimene mukugula. Mukugula kiyi mmodzi wotsegula zitseko zonse. Ali mmanja mwanu ndi zokoma. Akagwa mmanja mwa wina, munthuyo safunikanso kuthyola laputopu imodziimodzi, amangokhala pampando wa wa IT uja nkumalamula, ndipo zipangizo zimamvera chifukwa zinaphunzitsidwa kumvera mpando umenewo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Izi si nthano. Mu August 2024 ku Singapore munthu wina analowa mu Mobile Guardian, pulogalamu imene sukulu za boma zinkayang'anira nayo ma iPad ndi ma Chromebook a ana. Ana pafupifupi 13,000 a msukulu za sekondale 26 anangoona zipangizo zawo zafufutika, ena manotsi a mayeso anapita momwemo, mpaka unduna wa maphunziro unachotsa pulogalamuyo. Batani la wipe limene mnzathu wa ku Area 47 akulidikira lija, kumeneko linagwira ntchito bwino kwabasi, poti intaneti yawo siiphonya. Mu July 2023 boma la Norway linalengeza kuti maunduna 12 analowedwa kudzera pa bowo la mu Ivanti EPMM, imene kale inkatchedwa MobileIron, pulogalamu yoyang'anira mafoni a antchito a boma yomweyo. Mu July 2021 gulu la REvil linadutsira mu Kaseya VSA, chida chimene makampani a IT amasamalira nacho makompyuta a makasitomala awo, mabizinesi ofika 1,500 anakhudzidwa, ku Sweden masitolo a Coop pafupifupi 800 anatseka chifukwa ma till anangoti zii.

Ndipo pena sipafunika wakuba nkomwe. Pa 19 July 2024 CrowdStrike, imene ndi pulogalamu ya chitetezo osati MDM koma nayo imakhala mkatikati mwa kompyuta iliyonse nkumalandira zinthu kuchokera ku likulu, inatumiza apudeti yolakwika. Microsoft inati makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni anagwa, ndege zinaima, zipatala ndi mabanki zinavutika. Chimene ndikufuna muone apa ndi ichi, tsiku limenelo zida zonse zoyang'anira patali zinali zopanda ntchito, chifukwa kompyuta imene ikukanika kudzuka singalandire lamulo. Anthu a IT anayenda ndi miyendo, desiki ndi desiki, kulowa mu Safe Mode kukachotsa fayilo imodzi, ndipo pa makompyuta a BitLocker, loko ya Windows yokiya hard drive, ankayamba alemba kaye kiyi wa manambala 48. Ena makiyi amenewo anali pa seva imene nayonso inali itagwa. Tangoganizani zitakhala kuti ofesi ina ili ku Mzuzu ina ku Nchalo, wa IT ndi mmodzi, mafuta kulibe.

Nde musanasayine itanani wa IT wanu, osati a masuti aja, mumufunse kuti akaunti ya admin ali nayo ndi anthu angati ndipo kodi imafuna pasiwedi yokha kapena pali chitsimikizo chachiwiri. Mufunse ngati munthu mmodzi payekha angathe kufufuta zipangizo zonse, poti mapulogalamu ena, Intune ili momwemo, amalola kuti lamulo loopsa lizidikira admin wachiwiri avomereze, koma umayenera kuziyatsa wekha. Mufunse ngati zosintha zatsopano aziyamba kuyesa pa makompyuta asanu kaye asanatumize kwa onse. Mufunsenso kuti makiyi a BitLocker akawapeza kuti tsiku limene system yonse yagona. Akayankha mosadodoma sayinani. Akayamba kukanda mmutu, ndalama ina ipite kaye ku maphunziro ake, chifukwa zinthuzi sizidziyendetsa zokha, zimafuna munthu wokhala nazo tsiku ndi tsiku ndipo a masuti mtengo wa munthu ameneyo sauika pa quotation.

Za madola inu mukudziwa kuposa ine. Mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44% usiku umodzi, aliyense amene anali ndi laisensi ya madola bajeti yake inang'ambika pomwepo, osanenanso za kudikira forex ku banki pamene invoice ikuwerenga masiku. Afunseni a masutiwo kuti mukachedwa kulipira chimachitika ndi chani ku zipangizo zanu, ayankhe polemba. Afunseni kuti ndi ziti zili mu mtengo umenewu ndi ziti za padera, chifukwa zinthu ngati kulowa pa sikirini ya munthu patali kapena kupanga apudeti ma apu a makampani ena ambiri amagulitsa mwapadera, umazindikira utalowa kale. Muonenso ngati simukulipira kale, amene ali ndi Microsoft 365 Business Premium Intune ili momwemo, ndaonapo anthu akugula mbuzi ina pamene ina ili pakhola. Ndipo kutuluka ndi kovuta kuposa kulowa, kusamuka kupita ku pulogalamu ina kawirikawiri kumafuna kulembetsanso chipangizo chilichonse, mafoni ena mpaka factory reset, nde ogulitsa amadziwa kuti chaka chamawa akakweza mtengo mungodandaula nkulipira.

FUNSO: Amalume, anatiuza kuti tiziona chilichonse pa sikirini imodzi. Koma ma printer, ma router, makina a POS ndi seva yathu ya Linux sizikuoneka. Komanso ndikatumiza apu, bwana amaima kumbuyo kwanga kudikira, ola limatha, kenako ikungoti failed ndi nambala yaitali ya 0x8 chakuti. Wotopa, Kanengo

YANKHO: Kkkkk aise, za bwana woima kumbuyo zandikumbutsa kale. Sikirini imodzi ija ndi chilankhulo cha otsatsa malonda. Pulogalamu iliyonse ili ndi kwawo, ina imadziwa bwino Windows nkumayankhula Mac mwachibwibwi, ina ndi katswiri pa Apple koma kwinako ndi mlendo, Linux ambiri amangoigwira pamwamba, mitundu yowerengeka ngati Ubuntu. Ma router ndi ma switch ndi dziko lina, amafuna zida zawo. Ka Excel kako kakale kaja usakataye, ndi kokhako kamene kakudziwa kuti projekita ili kwa ndani.

Za kuchedwa, palibe batani loti pompano. Chimene ungachite ndi kupita pa chipangizocho nkudina sync, ngati ndi Intune uchipeza mu Company Portal kapena mu Settings pa Access work or school, zimafulumirako koma osati kwambiri. Nambala ya 0x8 ija dashboard siidzakumasulira, chilungamo chili mu ma log a pa kompyuta pomwepo, pa Windows kayang'ane mu ProgramData, Microsoft, IntuneManagementExtension, Logs. Kawirikawiri upeza kuti apu inalowa bwinobwino koma detection rule imene unalemba yoonera ngati apu yalowa ikuyang'ana foda yolakwika, nde ikunena kuti yalephera pamene munthu akuigwiritsa kale ntchito. Pena ndi intaneti inaduka pakati jenereta isanadzuke.

Bwanayo umuuze kuti apu ilowa pofika mawa mmawa, ikalowa lero uoneka katswiri. Za printer zokha usandifunse, yanga ili apa yakhala ikunena kuti paper jam kuyambira Lachiwiri koma mulibe pepala ngakhale limodzi.